Ndodo yowedzera nsomba ndi nyambo ya nthenga

Ndodo yowedzera nsomba ndi nyambo ya nthenga ndi ndodo yaitali, yopepuka ndiponso yopindika, imene imagwiritsidwa ntchito pa usodzi umene pa Chingerezi umatchedwa fly fishing. Pa usodzi umenewu msodzi sakoloweka nyongolotsi, chiwala kapena nsima ku mbedza. Amamangirira nthenga, ubweya ndi ulusi pa mbedzayo kuti ioneke ngati kachirombo kouluka, mphutsi ya m'madzi kapena kansomba. Nyambo yotereyi ndi yopepuka kwambiri moti siingaponyeke payokha, monga mmene nthenga ya nkhuku singafikire kutsidya kwa bwalo ngakhale woponyayo atakhala wamphamvu chotani. Chimene chimaponyedwa ndi chingwe, chomwe amachipanga dala kukhala cholemerako, ndipo nyamboyo imangotsatira kumapeto kwake.

Pachifukwa chimenechi ndodo yamtunduwu sasankha poyang'ana kukongola kapena dzina la kampani. Wogula amayamba waganizira nsomba imene akufuna ndi madzi amene akawedzemo. Zimenezo zimamuuza kukula kwa nyambo, kukula kwa nyambo kumamuuza kulemera kwa chingwe, ndipo chingwecho ndicho chimatchula ndodo yoyenera.

Mmene ndodoyi imagwirira ntchito

Msodzi amatulutsa chingwe chotalika mamita angapo, n'kukokera ndodo kumbuyo mofulumira, kenako n'kuiimitsa mwadzidzidzi. Chingwe chimatambasuka m'mwamba kumbuyo kwake. Chikatsala pang'ono kuwongoka, amakankhira ndodo kutsogolo n'kuiimitsanso. Kulemera kwa chingwe kumapinda ndodo ngati uta, ndipo ndodoyo ikamawongoka imathandiza kuthamangitsa chingwe kutsogolo. Chingwe chikapepuka kwambiri ndodo sipindika mokwanira, ndipo woponya samva kumene chingwe chili. Chikalemera mopitirira, ndodo imafooka ndipo chingwe chimagwa mosalongosoka.

Chingwe cha masiku ano chimakhala ndi ulusi wolukidwa mkati ndi pulasitiki kunja, ndipo nthawi zambiri chimatalika mamita pafupifupi 27. Chilipo choyandama ndi chomira. Kumapeto kwake amalumikizako kachingwe koonda ka nayiloni kosaoneka bwino m'madzi, ndipo nyambo imamangidwa ku kachingwe kameneka. Kutsinde kwa ndodo, kumunsi kwa chogwirira, kumakhala kagudumu kokulungira chingwe. Pa nsomba zing'onozing'ono kagudumuka ntchito yake ndi kungosunga chingwe basi, pakuti msodzi amakoka chingwe ndi dzanja.

Mbiri

Wolemba wina wa ku Roma, Claudius Aelianus, analemba cha m'ma 200 za asodzi a ku Macedonia amene ankakulunga ubweya wofiira pa mbedza n'kumangirirapo nthenga ziwiri za tambala. Ndodo yawo inali yotalika mapazi 6 ndipo chingwe chinali chotalika chimodzimodzi. Ku England, buku lotchedwa Treatyse of Fysshynge wyth an Angle, limene linasindikizidwa mu 1496, linafotokoza kapangidwe ka ndodo, ka chingwe cha ubweya wa kumchira wa hatchi ndi ka nyambo za nthenga. Buku la Izaak Walton lotchedwa The Compleat Angler linatuluka mu 1653, ndipo mu 1676 Charles Cotton anawonjezeramo chigawo chonena za usodzi wa nyambo ya nthenga. Ndodo za nthawi imeneyo zinali za mitengo, zazitali ndi zolemera, ndipo chingwe ankangochimangirira kunsonga. Patapita nthawi amisiri a ku Britain anakonda mtengo wotchedwa greenheart wochokera ku Guyana, umene ndi wolimba koma wolemera.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi nsungwi. Ku America, Samuel Phillippe wa ku Easton m'chigawo cha Pennsylvania anali mmodzi mwa oyamba kung'amba nsungwi, kuipala ndi kuimatanso ndi guluu. Hiram Leonard wa ku Bangor m'chigawo cha Maine anatchukitsa lusoli m'zaka za m'ma 1870. Ndodo ya nsungwi yotereyi si nsungwi yongodula kudambo. Mmisiri amapala timizere 6, kalikonse ka ngodya zitatu, tocheperachepera kulowera kunsonga, n'kutimata pamodzi kuti ndodo ikhale ya mbali 6. Nsungwi imene inadzakondedwa kwambiri ndi yotchedwa Tonkin, yomwe imalimidwa kummwera kwa China, makamaka m'chigawo cha Guangdong. America italetsa malonda ndi China mu 1950, nsungwiyi inasowa. Pa nthawi yomweyo n'kuti ndodo za fiberglass, zimene zinayamba kugulitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, zikufalikira chifukwa zinali zotsika mtengo ndipo sizinkawola. Mu 1973 kampani ya Fenwick inatulutsa ndodo za graphite, ndipo lero ndodo zambiri zimene zili m'masitolo ndi za graphite. Makampani ena akale akupangabe ndodo, monga Orvis, imene inayamba mu 1856 ku Manchester m'chigawo cha Vermont, ndi Hardy, imene inayamba mu 1872 ku Alnwick kumpoto kwa England.

Nambala ya chingwe

Pa ndodo iliyonse, pamwamba pang'ono pa chogwirira, pamalembedwa kutalika kwake ndi nambala ya chingwe chimene inapangidwira. Nambala imeneyi ndiyo chinthu choyamba chimene wogula ayenera kuwerenga. Sikunena kulemera kwa ndodo, ndiponso sikunena makilogalamu a nsomba imene ndodoyo inganyamule, ngakhale ongoyamba kumene ambiri amaganiza choncho. Imanena kulemera kwa mapazi 30 oyambirira a chingwe, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono. Muyezowu anaukhazikitsa ndi a bungwe la opanga zipangizo za usodzi ku America, AFTMA, mu 1961. Kale zingwe za silika ankaziyeza ndi kunenepa kwake, koma zingwe za pulasitiki zitabwera, ziwiri zonenepa mofanana zinkatha kulemera mosiyana, choncho panafunika muyezo wa kulemera.

Malinga ndi muyezowu, mapazi 30 a chingwe cha nambala 3 amalemera magalamu pafupifupi 6.5, a nambala 5 magalamu 9, a nambala 8 magalamu 13.6, ndipo a nambala 12 magalamu pafupifupi 25. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa papepala, koma m'dzanja ndi kwakukulu. Chingwe chopepuka chimatera pamadzi mwakachetechete osaopseza nsomba, koma sichinganyamule nyambo yaikulu ndipo mphepo imachiuluza. Cholemera chimaboola mphepo ndi kunyamula nyambo yaikulu ngati chala, koma chimagwa ndi phokoso.

N'chifukwa chake ndodo za nambala 2 mpaka 4 zimapita ku timitsinje tating'ono komwe nsomba ndi zazing'ono ndiponso zamantha. Za nambala 5 ndi 6 zimakwanira pa mitsinje yapakati ndi m'madamu. Za nambala 7 mpaka 9 ndi za nsomba zamphamvu zimene zimadya nsomba zinzake, ndipo kuyambira nambala 10 kupita m'tsogolo ndi za nsomba zikuluzikulu, makamaka za m'nyanja yamchere. Ndodo ya nambala 5 yotalika mapazi 9 ndiyo imene alangizi ambiri amauza wophunzira kuti ayambire. Sikuti imaposa zina pa ntchito iliyonse, koma pali ntchito zochepa pa usodzi wa trout zimene ingalephereretu.

Makampani amalemba manambalawa mosiyanasiyana, ndipo izi zimasokoneza. Kampani ya Sage ikalemba 590-4 imatanthauza chingwe cha nambala 5, kutalika mapazi 9 ndendende, zidutswa 4. Ndodo yofanana nayo a Orvis amailemba 905-4, kuyamba ndi kutalika. Ena amalemba manambala awiri, monga 5/6, kusonyeza kuti ndodoyo ikhoza kulandira zingwe zonse ziwiri.

Pali chinanso chofunika kudziwa. Muyezo wa 1961 ndi wa chingwe, osati wa ndodo. Palibe lamulo lonena kuti ndodo ya nambala 5 izikhala yolimba motani, choncho kampani iliyonse imaika nambala malinga ndi mmene opanga ake akuonera. Ndodo zambiri zamakono ndi zolimba kuposa zakale za nambala yomweyo, ndipo opanga zingwe ayamba kugulitsa zingwe zolemerako theka la nambala kuposa zimene zalembedwa pa bokosi. Msodzi amene wagula ndodo yolimba n'kuona kuti sakutha kuponya pafupi nthawi zambiri amathandizika akaikapo chingwe chokwera ndi nambala imodzi. Asanaganize zogula ndodo ina, ndi bwino kuyamba wayesa zimenezo.

Kutalika

Kutalika kwa ndodozi kumayezedwabe ndi mapazi ngakhale m'mayiko amene amagwiritsa ntchito mamita. Yofala kwambiri ndi ya mapazi 9, omwe ndi mamita 2.74. Pa kamtsinje kokhala ndi mitengo yowirira m'mbali ndodo yotereyi imakola m'nthambi, ndipo ya mapazi 7 kapena 7 ndi theka imagwira bwino ntchito. M'damu, kumene msodzi amakhala m'boti kapena amaima pa udzu wautali, ya mapazi 9 ndi theka kapena 10 imakweza chingwe kuti chisakhudze madzi kapena udzu kumbuyo. Ndodo yaitali imathandizanso kunyamula chingwe pamwamba pa madzi othamanga kuti nyambo iyende ndi madzi ngati kachirombo kenikeni. Kuipa kwake ndi kwakuti imatopetsa mkono.

Palinso ndodo zogwira ndi manja awiri, za mapazi 12 mpaka 15, zimene zimadziwika ndi dzina la mtsinje wa Spey ku Scotland ndipo amawedzera nsomba za salmon m'mitsinje ikuluikulu. Ku Japan kuli mtundu wina wotchedwa tenkara, wopanda kagudumu, umene chingwe amangochimangirira kunsonga. Munthu amene anawedzapo ndi nsungwi ali mwana sangaone chachilendo pa ndodo imeneyi.

Kapindikidwe

Ndodo ziwiri zofanana kutalika ndi nambala zikhoza kumveka mosiyana kwambiri m'dzanja chifukwa cha malo amene zimapindikira. Ina imapindika kunsonga kokha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo imawongoka mwamsanga. Ogulitsa amaitchula kuti fast action. Ina imapindika mpaka pakati, ndipo ina imapindika mpaka pafupi ndi chogwirira n'kuwongoka pang'onopang'ono.

Yopindika kunsonga imaponya patali ndipo imalimbana ndi mphepo, koma imafuna woponya wodziwa nthawi yoimitsira dzanja, pakuti akachedwa kapena kufulumira pang'ono chingwe chimagwa. Ikhozanso kudula kachingwe koonda nsomba ikagwedeza mutu mwamphamvu, chifukwa siilolera. Yofewa imateteza kachingweko ndipo imakhazika nyambo pamadzi mofatsa, koma mphepo ikakula imagonja. Kwa wophunzira, yopindika mpaka pakati kapena kupitirira pang'ono nsonga ndiyo yabwino, chifukwa amamva chingwe chikukoka kumbuyo ndipo amaphunzira nthawi yake msanga. Otsatsa malonda amakonda kutamanda ndodo zoponya patali, koma m'timitsinje ta kumapiri nsomba zambiri zimagwidwa pafupi ndithu ndi pamene msodzi waima.

Chimene ndodo yapangidwira

Ndodo ya graphite ya mapazi 9 ya nambala 5 imalemera magalamu pakati pa 80 ndi 100. Graphite wamtundu wapamwamba amalola kuti khoma la ndodo likhale lopyapyala, choncho ndodo imapepuka koma imathyoka msanga ikagunda mwala. Fiberglass ndi yolemerako ndi yofewa, koma imapirira nkhanza, ndipo yayambanso kukondedwa pa ndodo zifupizifupi za m'timitsinje. Ya nsungwi imatengera mmisiri maola ambiri kuti aipange, imadula kwambiri, ndipo imafuna kuumitsidwa ndi kupakidwa vanishi. Amene amaigula amafuna kamvekedwe kake ndi luso la mmisiri, osati kuchuluka kwa nsomba.

Ndodo zambiri zamakono zimagawika zidutswa 4, chilichonse chotalika masentimita pafupifupi 70 mpaka 75, moti zimalowa m'chikwama cha paulendo. Kale polumikizira pankakhala pa chitsulo ndipo pankalimbitsa ndodo pamalo osafunika, choncho asodzi ankakonda za zidutswa 2. Lero kusiyanako n'kosamveka m'dzanja. Chogwirira chimapangidwa ndi khungwa la mtengo wa cork, limene lambiri limachokera ku Portugal. Khungwa lotsika mtengo limakhala ndi maenje ambiri omatidwa ndi phala, ndipo phalalo limayoyoka pakatha miyezi. Ndodo za nambala 7 kupita m'tsogolo zimakhala ndi kachitsa kumunsi koti msodzi azitsamiritsa pamimba polimbana ndi nsomba yaikulu.

Ku Malawi ndi mayiko oyandikana nawo

Usodzi umenewu unafika ku Malawi m'nthawi ya atsamunda, pamene nsomba yotchedwa rainbow trout, yomwe kwawo kwenikweni ndi mitsinje yothira m'nyanja ya Pacific kumadzulo kwa North America, inaikidwa m'madzi ozizira a kumapiri. Nsombayi siikhala m'madzi otentha, choncho inakhazikika pamwamba pa phiri la Zomba mu mtsinje wa Mulunguzi, pa phiri la Mulanje, ndi ku Nyika m'madamu ndi mtsinje wa ku Chelinda. Malo amenewa ndi otetezedwa ndipo wowedza amafunika chilolezo. Madzi ake amafuna ndodo zosiyana. Timitsinje ta ku Zomba ndi Mulanje ndi topapatiza, tamiyala ndi mitengo, ndipo ndodo yaifupi ya nambala 3 kapena 4 ndiyo imayenera. Ku Nyika, komwe ndi pamtunda wopitirira mamita 2,000 ndipo ndi pambalambanda, mphepo siileka, choncho ya mapazi 9 ya nambala 5 kapena 6 imathandiza. Ndodo zomwezi zimagwiranso ntchito ku Nyanga m'dziko la Zimbabwe ndi ku Dullstroom ku South Africa.

Nkhani ndi ina kuchigwa cha Shire. Kumunsi kwa mathithi a Kapichira ndi mu mtsinje wa Zambezi muli mcheni, nsomba ya mano akuthwa imene asayansi amaitchula Hydrocynus vittatus. Mcheni amadya nsomba zinzake, amamenya nyambo mwaukali, amalumpha, ndipo wamkulu amatha kupitirira makilogalamu 10. Amamuwedza ndi nyambo zikuluzikulu zofanizira kansomba, kawirikawiri pa chingwe chomira, ndipo pafupi ndi mbedza amaikapo kawaya kuti mano asadule. Nsagwada zake ndi zolimba moti mbedza siilowa mosavuta. Apa pamafunika ndodo yolimba ya nambala 8 kapena 9. Kupita ndi ya nambala 5 ndi kuthyola ndodo dala, komanso kumatopetsa nsomba nthawi yaitali m'madzi otentha moti ikhoza kufa ngakhale itabwezedwa. Palibe ndodo imodzi imene ingatumikire Mulunguzi ndi Shire mofanana. Amene akufuna madzi onse awiri amagula ziwiri, ndipo ambiri amasiyanitsa manambala ake ndi 3, monga 5 ndi 8.

Ndodo zamtunduwu sizipezeka wamba m'masitolo a ku Malawi. Ambiri amagula ku South Africa, amaitanitsa pa intaneti kapena amatuma abale amene ali kunja. Izi zimasintha kawerengedwe ka mtengo. Makampani ena amalonjeza kukonza ndodo ikathyoka, monga Orvis imene imapereka lonjezo la zaka 25 pa ndodo zake zambiri, koma mwini ndodo amalipirabe kena kake, ndipo kwa wokhala kutali ndalama zotumizira ndi miyezi yodikira zimachepetsa phindu la lonjezolo. Kwa msodzi wotere, ndodo yapakati imene imabwera ndi nsonga yapadera, kapena ndodo ziwiri zotsika mtengo, zikhoza kumuthandiza kuposa imodzi yodula.

Kuyesa ndodo musanagule

Kugwedeza ndodo m'sitolo yopanda chingwe sikuuza munthu zambiri. Pamene zingatheke, wogula aikepo chingwe cha nambala yake n'kukaponya pa kapinga, atamangirira kaubweya m'malo mwa mbedza. Ayambe ndi pafupi, mamita 6 kapena 8, kenako atalikitse. Ndodo yambiri imaoneka yabwino patali koma pafupi n'kukhala ngati mpini. Aonenso ngati chogwirira chikukwana m'dzanja lake, pakuti chonenepa kwambiri chimalemetsa zala tsiku lisanathe.

Pa ndodo yogwiritsidwapo kale ntchito, malo oyamba kuona ndi polumikizira, chifukwa mng'alu umayambira pamenepo. Timphete timene chingwe chimadutsamo tiyenera kukhala tosalala. Kuyendetsamo thonje kumaonetsa pamene pali pokala, chifukwa thonjelo limakola. Zidutswa aziyerekeze kutalika: nsonga yofupikirapo kuposa zinzake ndi chizindikiro chakuti inathyokapo n'kuikidwa kamphete katsopano, ndipo ndodo yotero imakhala yolimba kuposa mmene inapangidwira.

Pogawa ndalama, chingwe sichiyenera kunyalanyazidwa. Ndodo yotsika mtengo yokhala ndi chingwe chabwino imaponya bwino kuposa yodula yokhala ndi chingwe chong'aluka kapena cha nambala yolakwika. Pa trout kagudumu kakhoza kukhala kotchipa, koma pa mcheni kamafunika ka mabuleki abwino ndi malo osungira chingwe china chowonjezera kunsi.

Kusamalira ndi ngozi

Ndodo zambiri sizithyoledwa ndi nsomba. Zimathyoka popanikizidwa ndi chitseko cha galimoto, popondedwa zitasiyidwa pansi, kapena pamene msodzi waimika ndodo chilili pokokera nsomba pafupi, moti mphamvu yonse imathera kunsonga yoondayo. Nyambo yokhala ndi kachitsulo ikamenya ndodo poponya imasiya kabala kosaoneka, ndipo ndodoyo imadzathyoka tsiku lina pamalo omwewo. Polumikizira pamamasuka pang'onopang'ono poponya, choncho pamafunika kukankhirapo nthawi ndi nthawi, ndipo kupakapo kandulo pang'ono kumathandiza. Ndodo ndi thumba lake ziume zisanatsekeredwe m'chubu.

Graphite amadutsitsa magetsi. Ndodo ya mamita pafupifupi 3 yokwezedwa m'mwamba ikhoza kukhudza mawaya a magetsi kapena kuwayandikira mokwanira kuti magetsi alumphe, ndipo anthu afapo mwanjira imeneyi. Pamalo oonekera ngati Nyika, m'nyengo ya dzinja, mabingu akangoyamba msodzi amagoneka ndodo pansi n'kuchoka pamadzi. Poponya amavala magalasi ndi chipewa, chifukwa mphepo ikatembenuka mbedza imabwerera kumaso.